Makoswe sakutulutsa mazira? Yambani mwaona ola limene munawagoneka

"Ankolo, tabwerani mudzaone, masamba aja agwira!"

Anali mtsikana wa digiri yachiwiri, wa kwathu kummawa, amene kwa miyezi itatu ankamwetsa makoswe madzi a masamba ena omwe agogo ake ankati amaletsa mimba. M'mawa umenewo anatsegula makoswe omwe ankamwa masambawo, ndipo m'machubu mwawo odutsamo mazira munalibe dzira ngakhale limodzi. A gulu la control, omwe ankangomwa madzi wamba, onse anali ndi mazira. Mtsikanayo ankamwetulira ngati wavala kale gauni.

Ndinamupempha kope lake, osati la zotsatira, koma lija lolembamo zochita za tsiku ndi tsiku. Dzulo lake makoswe onse anali pa proestrus, tsiku limene usiku wake amayenera kutulutsa mazira, ndipo onse anawatenga magazi atawagoneka ndi pentobarbital. A control anathana nawo 09:00, asanapite m'kalasi. A masamba anawayamba atabwera kudya nsima, 13:40.

"Mwana wanga, koka mpando ukhale pansi," ndinatero.

Ndagwira ntchito m'chipinda cha nyama zoyesera kuno ku Lusaka kwa zaka zambiri, ndipo vuto limeneli limabwera chaka ndi chaka ngati inswa mvula ikagwa. Wina amakondwa kuti wapeza mankhwala olera, wina amadandaula kuti makoswe athu ndi osabereka, wina amati kit ya ELISA yoyezera mahomoni anamugulitsa yowonongeka. Ukafufuza bwino umapeza kuti nthawi zambiri wolakwa ndi jekeseni wogonetsa uja, ndipo si mlingo wake wokha ayi, koma ola limene analasidwa.

Zimene zimachitika masana a proestrus

Khoswe wamkazi amazungulira masiku 4 kapena 5: proestrus, estrus, metestrus, diestrus, kenako n'kuyambiranso. Pa diestrus timatuza ta mu ovary, tija timatchedwa ma follicle, timakula n'kumatulutsa homoni yotchedwa estradiol. Pofika masana a proestrus estradiol amakhala atafika pamwamba, ndipo ubongo umakhala utamva kuti mazira akhwima. Koma ubongo sulamula pomwepo. Umadikira wotchi yake, kagulu ka maselo kotchedwa suprachiasmatic nucleus, kamene kamawerenga nthawi potsata kuwala kolowa m'maso. Ziwirizi zikakumana, estradiol wokwera ndi ola loyenera, gawo la ubongo lotchedwa hypothalamus limatsanulira homoni ya GnRH m'timitsempha topita ku pituitary, kachiwalo ka pansi pa ubongo, pituitary n'kumasula homoni ina yotchedwa LH yambiri nthawi imodzi ngati madzi osefukira mu ngalande za ku Kanyama mu January. LH ameneyu amafika pachimake chakumadzulo, ndipo patapita maola ngati 10 mpaka 12, usiku kwambiri tsiku la estrus likuyamba, timatuza timaphulika, mazira n'kugwera m'machubu.

Amene anaulula za wotchi imeneyi ndi John Everett ndi Charles Sawyer a ku Duke University, mu 1950, ndipo chida chawo chinali mankhwala ogonetsa omwewa. Makoswe awo ankakhala m'kuwala maola 14, kuyambira 05:00 mpaka 19:00. Akalasa khoswe pentobarbital, imene inkagulitsidwa ndi dzina loti Nembutal, 14:00 itatsala pang'ono kukwana pa tsiku la proestrus, usiku umenewo sankatulutsa mazira. Akalasa 16:00 itadutsa, mazira ankatuluka ngati palibe chachitika. Chodabwitsa chinali chakuti khoswe akadzuka, ubongo sunkabweza ngongoleyo madzulo omwewo. Unkadikira maola 24 athunthu, n'kuyesanso mawa lake nthawi yomweyo. Akamulasanso mawa lakelo, zinkasunthiranso tsiku lina. Akapitiriza masiku atatu otsatizana, timatuza tija tinkangofota tokha osaphulika.

Ndiye pali maola awiri, kuyambira cha m'ma 14:00 mpaka 16:00, amene ubongo wa khoswe uyenera kukhala uli maso. Pentobarbital amalimbikitsa ma receptor a GABA, amene ntchito yawo ndi kuziziritsa maselo a ubongo, ndipo mlingo wa 30 mpaka 35 mg pa kilogalamu ndi wokwanira kuti lamulo lija lisaperekedwe. Mtsikana uja anagoneka makoswe ake mphindi 20 chitseko cha maola awiriwo chisanatseguke.

Mwatsegula khoswe, m'machubu mulibe kanthu

Musathamangire kulemba ziro. Choyamba yang'anani chiberekero. Pa proestrus nyanga ziwiri za chiberekero zimafufuma, zodzaza madzi oyera mbee, moti mukaboola ndi singano amatuluka ngati tuza la moto. LH akasefukira, homoni ya progesterone imakwera madzulo omwewo, khomo la chiberekero limamasuka, madzi aja n'kutayika usiku. Choncho khoswe amene watulutsa mazira amakhala ndi chiberekero chophwa m'mawa wa estrus. Mukapeza chiberekero chikadali chofufuma, m'machubu muli gwa, ndipo pa ovary pakuoneka timatuza tikulutikulu tonyezimira topanda kadontho ka magazi, dziwani kuti LH sanabwere. Ndinamuonetsa mtsikana uja zimenezi pa khoswe wake womaliza, yemwe anali akadali pa thireyi. Anakhudza nyangayo ndi forceps, inanjenjemera ngati kathumba ka madzi oundana oti ayamba kusungunuka, ndipo kumwetulira kuja kunatha.

Pano ndi pamene ophunzira ambiri amanditsutsa. Amati, "Koma Ankolo, smear ya m'mawa uno inaonetsa estrus, maselo onse ndi ouma aja." N'zoona, koma smear, yomwe ndi maselo otengedwa kumaliseche n'kuonedwa pa maikulosikopu, imangokuuzani za estradiol. Maselo a kumaliseche amauma n'kukhala ngati mamba a nsomba chifukwa estradiol anakwera dzulo ndi dzana, kaya LH anabwera kaya sanabwere. Khoswe wotsekeredwa ndi pentobarbital amadzuka mawa lake ndi smear yokongola ya estrus, mazira ali phee mu ovary. Umboni wa kutuluka kwa mazira ndi mazira enieniwo.

Ndipo onetsetsani kuti mukuwafunafuna malo oyenera pa nthawi yoyenera. Pakati pa 08:00 ndi 10:00 m'mawa wa estrus, mazira amakhala ataunjikana mu ampulla, gawo la chubu loyandikana ndi ovary, lomwe limaoneka lotupa ndi loonekera mkati. Dulani chubucho, chiikeni pa kagalasi m'kadontho ka madzi amchere, ng'ambani potupapo ndi nsonga ya singano. Mazira amatuluka pamodzi atakutidwa ndi maselo a cumulus, chinthu chonanda ngati mamina. Khoswe wa Wistar kapena Sprague-Dawley wamsinkhu wabwino amapereka mazira oposa 10 mukaphatikiza mbali zonse ziwiri. Akaunjikana moti simungawerenge, kadontho ka hyaluronidase kamawamasula. Mukachedwa mpaka mawa lake, chonanda chija chimakhala chitasungunuka, mazira atatsikira kumalo opapatiza a chubu, ndipo munthu wosazolowera sangawaone. Ndinaonapo wina akulemba ziro pa makoswe amene anali ndi ma corpus luteum atsopano ofiira bwino pa ovary. Dzira silinaoneke, koma chipsera cha potulukira chinalipo.

Ngati mukukayikirabe, pali njira ziwiri zodziwira. Yotsika mtengo ndi kudikira: siyani makoswe ena a gulu lomwelo, musawalase chilichonse mawa lake, muwatsegule mkuja. Ngati anali mankhwala ogonetsa, mazira muwapeza, atangochedwa tsiku limodzi. Yachiwiri imafuna kuti ikhale yolembedwa kale mu protocol yanu yovomerezedwa ndi komiti ya ethics. Pentobarbital amatseka ubongo wokha. Pituitary imamvabe GnRH, ovary imamvabe LH. Ndiye mukalasa khoswe wotsekeredwayo GnRH, kapena hCG, yemwe amagwira ntchito ngati LH, pafupifupi 10 IU, masana omwewo a proestrus, mawa m'mawa mazira amapezeka m'machubu. Akapezeka, ovary ilibe mlandu, vuto linali kumutu. Akapanda kupezeka ngakhale mwapereka hCG, tsopano yang'anani ku ovary, ndipo mufunse kuti khosweyo anapatsidwa chiyani choletsa ululu. Ndibwereranso pamenepo.

Wina anena kuti iye anagoneka khoswe 11:30, kutali ndi 14:00. Funso langa limakhala loti, anadzuka nthawi yanji? Makoswe aakazi amagona nthawi yaitali ndi pentobarbital kuposa aamuna chifukwa chiwindi chawo chimachedwa kuwaphwanya mankhwalawa. Kuwonjezera apo khoswe wogona amataya kutentha msanga, ndipo thupi likazizira chiwindi chimachedwanso kwambiri. Mu June ndi July kuno, usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10, ndipo chipinda cha simenti chopanda dzuwa chimasunga chisanucho mpaka masana. Khoswe wosiyidwa pa tebulo lachitsulo, woti akanadzuka patatha ola ndi theka, amapezeka akadali lende 14:30. Ife timaika botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'kachitenje pansi pa khoswe, osati lotentha moti n'kumuwotcha, ndipo timalemba ola limene wadzitembenuza yekha n'kuima ndi miyendo inayi. Popanda ola limenelo m'kope, palibe chimene tingakambirane.

Nanga tisinthe mankhwala?

Kusintha kumathandiza, koma palibe mankhwala ogonetsa amene ndingawakhulupirire ndi maso otseka pa maola awiri aja.

Urethane nayenso amatseka kusefukira kwa LH, komanso amayambitsa khansa, moti ndi wa nyama imene sidzadzukanso basi, ndipo wosakaniza ayenera kuvala magolovesi ndi chotseka pamphuno. Ether, imene ndimaipezabe m'makabati ena, imachititsa khoswe mantha ndi kutsamwa asanagone, ndipo m'mphindi zochepa mahomoni a prolactin ndi corticosterone amakwera. Iyo yomwe imayaka moto ikangomva kandulo, zimene si nthabwala m'mzinda umene malaiti akapita anthu amathamangira machesi. Chloroform muiiwale, imawononga chiwindi cha khoswe ndi chanu chomwe.

Ambiri kuno timadalira ketamine wosakaniza ndi xylazine chifukwa ndi amene amapezeka kwa ogulitsa mankhwala a ziweto: ketamine 75 mpaka 100 mg pa kilogalamu, xylazine 5 mpaka 10, kulasa m'mimba. Pa opaleshoni ndi abwino. Koma ketamine amatseka ma receptor a NMDA, pamene glutamate wodutsa pa ma receptor amenewa ndi mmodzi wa okankha maselo a GnRH masana a proestrus. Mankhwala ena a mtundu womwewo, MK-801, amadziwika kuti amaphwetsa kusefukira kwa LH mwa makoswe. Xylazine nayenso amakhudza njira za noradrenaline, amakweza shuga m'magazi, amaziziritsa thupi. Choncho ine sindilola kuti awiriwa alasidwe kuyambira 11:00 mpaka 17:00 pa proestrus ngati funso la kafukufukuyo likukhudza mazira. Ubwino wake ndi woti xylazine ali ndi chomudzutsira, atipamezole, ngati mwakwanitsa kumupeza.

Isoflurane ndiye ndimamukonda, chifukwa khoswe amagona m'mphindi ziwiri n'kudzuka m'mphindi zochepa mukatseka: 3 mpaka 5 peresenti pomugoneka, cha m'ma 2 pomusunga. Koma amafuna vaporizer ndi silinda ya oxygen. Kuthira isoflurane pa thonje m'botolo lotseka ndi juga, chifukwa mpweya wake m'botolomo umatha kufika pa 30 peresenti, ndipo khoswe amasiya kupuma mukadafunafuna syringe.

Kuti muone kukula kwa vutoli, ganizirani izi. Kapangidwe ka GnRH kanadziwika mu 1971, imodzi mwa ntchito zimene zinapezetsa Andrew Schally ndi Roger Guillemin mphoto ya Nobel mu 1977. Koma kuti munthu aone ndi maso kuti GnRH amasefukiradi m'timitsempha topita ku pituitary masana a proestrus zinatheka mu 1976, pamene Dipak Sarkar, George Fink ndi anzawo anagwiritsa ntchito Althesin, mankhwala ogonetsa okhala ndi alphaxalone. Mankhwala omwe anthu ankagwiritsa ntchito kale ankazimitsa chinthu chomwecho chimene ankafuna kuyeza. Ngati akatswiri amenewo anavutika nazo zaka, wophunzira amene wabwereka botolo la pentobarbital kwa mnzake asadzione ngati wapusa. Angokonza.

Tsopano za oletsa ululu ndinalonjeza zija. Morphine amatseka kutuluka kwa mazira kuchokera kumutu, monga anaonetsera Charles Barraclough ndi Sawyer yemwe uja mu 1955, ndipo buprenorphine ndi wa banja lomwelo, choncho muchenjere naye pa proestrus. Mankhwala a gulu la indomethacin, meloxicam ndi carprofen amagwira kwina. LH amasefukira bwinobwino, progesterone amakwera, chiberekero chimaphwa, koma kathuza sikaphulika chifukwa kuphulikako kumafuna ma prostaglandin, omwe mankhwalawa amaletsa. Za indomethacin zinadziwika kuyambira 1972. Mukadula ovary yotere n'kuiona pa maikulosikopu mumapeza dzira litatsekeredwa mkati mwa kathuza kamene kayamba kale kusanduka corpus luteum. Uyu ndiye khoswe amene ngakhale hCG samuthandiza.

Pali ophunzira amene akamva zimenezi amaganiza kuti yankho ndi kumana khoswe mankhwala oletsa ululu. Ayi ndithu. Kupatula kuti ndi nkhanza ndipo komiti singavomere, ululu wokha umakweza corticosterone n'kupondereza LH, ndiye mwaononganso zomwezo mumateteza. Chitani opaleshoni pa metestrus kapena m'mawa wa estrus, thirani lidocaine kapena bupivacaine pamene mwacheka, perekani oletsa ululu masiku amene akufunika, kenako dikirani khoswe azungulire bwino kawiri musanayambe kuwerenga chilichonse. Ndipo musamusalitse chakudya usiku wonse poopa kuti asanza. Khoswe satha kusanza, ndipo njala nayo imachepetsa LH.

Wotchi ya khoswe si ya pakhoma

Chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa Kariba, malaiti ankapita maola ambiri pa tsiku moti tinasiya n'kuwerenga komwe. Nthawi imeneyo ndinalandira madandaulo a mtundu wina: munthu watsata malangizo onse, wagoneka khoswe 17:00, koma mazira kulibe. Tinavutika sabata ziwiri tisanayang'ane kabokosi ka pakhoma.

Taima yathu yoyatsa ndi kuzimitsa nyale inali ija yozungulira, yokhala ndi timano tokankha ndi chala. Taima yotere imayenda ndi magetsi omwewo. Malaiti akapita maola asanu, nayo imaima maola asanu, akabwera n'kupitiriza pomwe inasiyira. Tsiku lina ndinachedwa kuweruka, ndikudikira kuti mzere wa magalimoto pa Great East Road uchepe, ndipo podutsa pakhomo la chipindacho cha m'ma 21:00 ndinaona kuwala kukutuluka pansi pa chitseko. Taima inkaonetsa 15:00. Makoswe athu anali akukhala m'dziko lina.

Maola a 14:00 mpaka 16:00 aja si lamulo la wotchi ya pamkono panu. Amayamba pafupifupi maola awiri kuchokera pakatikati pa nthawi ya kuwala imene khoswe wazolowera. Ngati nyale zimayaka 06:00 n'kuzima 18:00, pakati ndi 12:00, ndipo mawerengedwe a Everett akugwira. Ngati taima yatsetsereka n'kumayatsa 10:00 kuzimitsa 22:00, pakati pasamukira ku 16:00, ndipo jekeseni wanu wa 17:00 wagwera pakhomo penipeni. Chipinda cha mawindo chili ndi mwayi wake kuno, chifukwa ku Lusaka dzuwa limafika pamutu cha m'ma 12:00 chaka chonse ndipo usana umangosiyana pakati pa maola 11 ndi 13. Koma mawindo omwewo amalowetsa nyale ya alonda usiku.

Gulani taima ya digito yokhala ndi batire mkati, ndipo nyale za chipindacho zikhale pa inverter kapena sola. Muziyang'ana taimayo m'mawa uliwonse n'kulemba. Mukaikonza, musayambe ntchito mawa lake. Wotchi ya m'mutu mwa khoswe imasuntha pang'onopang'ono, ndiye apatseni sabata ziwiri uku mukutenga ma smear. Ndipo uzani aliyense amene ali ndi kiyi, kuphatikizapo amene amakolopa, kuti usiku nyale yoyera siyatsidwa m'menemo. Wofuna kulowa atenge tochi yofiira yosawala kwambiri.

Smear yaima malo amodzi

Ikaima pa maselo ouma masiku ambiri otsatizana, kaonenso nyale. Khoswe wokhala m'kuwala kosazima kwa milungu ingapo amataya chizindikiro cha ola, LH sasefukiranso, ovary imadzaza timatuza tosaphulika, estradiol n'kumangotuluka. Makoswe okalamba, oyandikira chaka, amachitanso chimodzimodzi okha, ndiye funsani msinkhu wawo musanawalandire.

Ikaima pa maselo oyera a magazi, timadontho ting'onoting'ono todzaza kagalasi ngati mchenga, kwa masiku 12 mpaka 14, kawirikawiri wolakwa ndi dzanja lanu. Mukalowetsa pipette kapena kathonje mozama pa proestrus kapena estrus n'kukhudza khomo la chiberekero, ubongo umaganiza kuti khoswe wakweredwa. Prolactin amayamba kutuluka kawiri pa tsiku, ma corpus luteum amakhala moyo, khoswe n'kulowa mimba yabodza. Nsonga ya pipette izingolowa pang'ono pakhomo, kadontho ka madzi amchere a 0.9 peresenti kalowe n'kubwerera kawiri katatu, basi. Palibe chifukwa chogonekera khoswe potenga smear. Mugwireni tsiku ndi tsiku kwa sabata musanayambe, azolowere fungo la manja anu, ndipo muzitenga nthawi yofanana m'mawa uliwonse. Opaleshoni yaikulu nayo imatha kuimitsa khoswe pa diestrus kwa masiku angapo, ameneyo mumangomudikira.

Ndipo musaganize kuti poti dzana anali pa metestrus ndiye lero ndi proestrus. Khoswe wa masiku 5 amawonjezera tsiku, ndipo wina amasinthasintha. Proestrus yeniyeni imaoneka ndi maselo ozungulira okhala ndi nyukiliyasi yooneka bwino, ataunjikana ngati masuku m'mbale. Ndimauza ophunzira kuti khoswe amene sanaonetse maulendo awiri kapena atatu ofanana motsatizana asalowe m'kafukufuku, ngakhale supervisor akufulumizitsa.

Magazi apita ku labu, manambala abwera achilendo

LH ali pafupi ndi ziro mwa makoswe onse, a control omwe. Funsani kaye kuti anayezera kuti. Ambiri amatenga seramu ya khoswe kupita nayo ku labu ya chipatala kumene ali ndi mnzawo, makina n'kutulutsa ziro. Makina amenewo ali ndi ma antibody ozindikira LH wa munthu, ndipo LH, FSH ndi prolactin wa khoswe ndi mapuloteni osiyanako, moti samugwira bwino. Pamafunika kit yolembedwa kuti ndi ya khoswe. Progesterone ndi estradiol ndi chimodzimodzi mwa munthu ndi khoswe, koma estradiol wa khoswe ndi wochepa kwambiri moti makina ambiri a chipatala amangolota manambala kumunsi kumeneko.

Ngati kit ndi yoyenera, funsani ola. M'mawa wa proestrus LH amakhala pansi mwachibadwa. Kusefukira kumatenga maola ochepa chakumadzulo, ndipo mukatenga magazi kamodzi kokha mutha kukuphonya. Ofuna kuona kukwera ndi kutsika kwake amaika kachubu mu mtsempha wa pakhosi masiku angapo zisanachitike, khoswe n'kuchira, kenako n'kumakoka magazi pang'onopang'ono iye ali maso m'khola mwake. Ngati zimenezo n'zosatheka, mtsempha wa kumchira wa khoswe wozolowera manja, mchira utafunditsidwa m'madzi ofunda, umapereka magazi okwanira popanda jekeseni wogonetsa. Kumbukirani kuti khoswe wa magalamu 200 ali ndi magazi pafupifupi 13 ml okha, ndipo simuyenera kutenga oposa gawo limodzi mwa magawo khumi pa nthawi imodzi.

Prolactin kapena progesterone akakwera mosayembekezeka, ganizirani za mantha. Prolactin amalumpha m'mphindi zochepa khoswe akangogwidwa mwankhanza, akanyamulidwa ndi khola lake kudutsa m'khonde, kapena akamva mnzake akulira. Progesterone sachokera ku ovary kokha. Adrenal ya khoswe, kachiwalo ka pamwamba pa impso, imamutulutsanso ikakankhidwa ndi ACTH, homoni yokwera khoswe akachita mantha. Mukaika manambala motsata ndondomeko imene munagwirira makoswe n'kuona kuti woyamba ali pansi, womaliza ali pamwamba, mwayeza mantha a pamzere. Ogwidwa kale ndi odikira asakhale chipinda chimodzi, ndipo kuchokera potsegula khola kufika potseka chubu cha magazi pasadutse mphindi zitatu.

Chotsala ndi firiji. Seramu imene yasungunuka n'kuumanso kangapo chifukwa cha malaiti imataya mahomoni a mapuloteni aja. Igaweni m'timachubu ting'onoting'ono tsiku lomwelo. Ine ndimaumitsa madzi m'kakapu n'kuika kakobiri pamwamba pake mufiriji. Ndikapeza kakobiri katamira, ndimadziwa kuti usiku zinthu zinasungunuka ngakhale m'mawa zonse zili gwa.

Mtsikana uja anabwereza

Analira pang'ono, kenako anafunsa chochita. Tinagwirizana kuti makoswe a control ndi a masamba azigwidwa mosakaniza, wina wa uku wina wa uko, tsiku limodzi, ola limodzi, ndi munthu mmodzi. Magazi a pa proestrus tinawasamutsira kumchira, opanda chogonetsa. Tinawonjezera kagulu kachitatu kongomwa madzi osatengedwa magazi n'komwe, kuti tione ngati kugwira kwathu kokha kukusokoneza. Pa makeji tinamata manambala m'malo mwa mayina a magulu, pepala lomasulira manambalawo n'kukhala m'thumba mwanga, kuti powerenga mazira asadziwe kuti uyu ndi wa masamba. M'kope mwake anajambula mizere inayi yatsopano: tsiku la smear, ola la jekeseni, ola lodzuka, ndi zimene taima ikuonetsa.

Zinamutengera milungu isanu ndi iwiri, kuphatikizapo ya kudikira kuti makoswe atsopano azolowere. M'mawa wotsegula anafika 07:15, atakwera basi yoyamba kuchokera ku Mtendere, zala zitauma ndi chisanu moti anayamba waziotha pa ketulo asanagwire forceps. Anawerenga khoswe mmodzimmodzi, ine ndikulemba. Titamaliza ndinatulutsa pepala lija m'thumba. Magulu onse atatu anali ndi mazira.

Anakhala chete, akuyang'ana kope. Kenako anati, "Ankolo, nanga agogo ndikawauza chiyani?"

"Ukawafunse kuti masambawo ankamwa liti, asanakumane ndi bambo kapena pambuyo pake. Mwina sagwira pa mazira, amagwira pa chiberekero."

Anatsegula tsamba latsopano n'kuyamba kuwerengera kuti adzafunika makoswe aamuna angati.